Shuga wosatsekemera wa m'chifu cha mbuzi

Pa Khirisimasi yapitayi malume anga anapha mbuzi, ndipo monga amachitira chaka chilichonse ndikapita kumudzi, ntchito yotsuka zam'mimba anandipatsa ine. Ndinakhala pansi pa mtengo wa mango ndi beseni, ndowa ziwiri za madzi, mchere wodzaza dzanja ndi kamtengo kotembenuzira matumbo. Aliyense amene anagwirapo ntchito imeneyi akudziwa kuti chifu cha mbuzi chili ndi zigawo zinayi, ndiponso kuti chigawo chilichonse chimamveka mosiyana m'manja. Choyamba, chachikulu chija, n'chokhakhala ngati thaulo lakale, ndipo ukakhuthula udzu umene uli m'menemo n'kuchitsukuluza kawiri katatu chimayera. Chachiwiri chili ndi timaenje ngati zisa za njuchi, chachitatu chili ndi masamba opanikizana ngati a buku. Koma chachinayi, chimene chimalumikizana ndi matumbo, n'chosalala, chofiirira, ndipo chimaterera ngati thelere, moti ngakhale uthire madzi kangati kutererako sikuchoka mpaka utapaka mchere n'kupala ndi mpeni. Malume atandiona ndikulimbana nacho anati, "Mphwanga, upale bwinobwino zotererazo, ndi uve umenewo."

Ndinapala monga anandiuzira, pakuti mumphika zotererazo sizifunikadi. Komabe si uve ayi, ndi mamina a m'mimba. Mamina amene amakuta chifu ndi matumbo a nyama ndiwo amaima pakati pa thupi la nyamayo ndi chilichonse chimene yameza, kaya ndi udzu, minga, asidi, majeremusi kapena nyongolotsi. Chimene chinandidabwitsa nditayamba kuwerenga za nkhaniyi n'chakuti mamina amenewa, ukawachotsa madzi, mbali yaikulu ya zotsalazo ndi shuga.

Kwathu kuno tikamva mawu akuti shuga timaganiza za wa mu tiyi, wochokera ku nzimbe za ku Nchalo ndi ku Dwangwa, apo ayi timaganiza za matenda amene avuta masiku ano. Kwa akatswiri a sayansi, shuga ndi mtundu waukulu wokhala ndi abale ambirimbiri, ndipo ochuluka mwa iwo akalumikizana satsekemera n'komwe. Udzu umene mbuzi imadya ndi shuga wolumikizana m'zingwe zolimba. Chiwindi chimasunga shuga wolumikizana mwa njira ina, wotchedwa glycogen, amene Claude Bernard wa ku France anamupatula mu 1857. Shuga wa m'mamina a m'mimba ndi wosiyana ndi onsewa, chifukwa ntchito yake si yopatsa thupi mphamvu. Iye ndi womangira khoma, komanso ndi chizindikiro chimene zamoyo zina zimayang'ana kuti zidziwe pogwira.

M'khoma la chifu ndi la matumbo muli timaselo timene ntchito yake ndi kupanga puloteni yaitali ngati ulusi, yotchedwa mucin. M'matumbo timaselo timeneti timaoneka ngati tizikho todzaza. Pa ulusi umodzi wa puloteniyo pamamangiriridwa tinthambi ta shuga mazanamazana, tothithikana kwambiri moti chinthu chonsecho chimafanana ndi burashi yotsukira mabotolo, ndipo kulemera kwa shugayo kumaposa theka la kulemera konse, nthawi zina mpaka kufika magawo 80 pa 100 alionse. Mitundu ya shuga imene imapanga tinthambito ndi isanu yokha, galactose, fucose, sialic acid ndi ina iwiri ya mayina aatali imene amaifupikitsa kuti GalNAc ndi GlcNAc, koma kasanjidwe kake n'kosiyanasiyana kwambiri. Shugayu amakoka madzi. M'kaselo muja mucin amakhala wopanikizidwa, koma akangotuluka amamwa madzi n'kufufuma kambirimbiri, ndipo zotsatira zake ndi zoterera zija, zimene pafupifupi magawo 95 pa 100 alionse ndi madzi.

Apa ndi pamene pali yankho la funso limene ndinkadzifunsa ndili mwana ndikamadya nthumbwana. Ngati mimba yanga ikutha kugaya chifu cha mbuzi, n'chifukwa chiyani chifucho sichinkadzigaya chokha mbuziyo ili moyo? M'chigawo chachinayi chija muli asidi wamphamvu, wa pH pafupifupi 2 (pH ndi muyezo wa ukali wa asidi, ndipo nambala ikachepa ndiye kuti asidi ndi waukali), ndi pepsin amene ntchito yake ndi kudula mapuloteni. Khoma la chifu nalonso ndi puloteni. Chimene chimaliteteza ndi mamina ochindikala osakwana ngakhale milimita imodzi. Tinthambi ta shuga timaphimba ulusi wa puloteni kuti pepsin asapeze podula msanga, ndipo maminawo amasunga bicarbonate amene maselo amatulutsa, mchere wa mtundu wa soda wophikira uja, umene umachepetsa mphamvu ya asidi. Choncho pamwamba pa mamina asidi ndi woti akhoza kusungunula nyama, koma pansi pake, pamene pali maselo, pH imakhala pafupi ndi 7, ngati ya madzi wamba. Maminawo amatha pang'onopang'ono chifukwa chokhulidwa ndi chakudya, ndipo nyama imapanga ena usana ndi usiku moyo wake wonse.

Zigawo zitatu zoyamba zija zilibe tiziwalo totulutsa asidi kapena mamina. Khoma lake ndi lolimba ngati khungu, ndipo n'chifukwa chake chigawo cha thaulo chija chinkayera ndi madzi okha. Chitetezo cha zigawo zimenezi chimachokera kukamwa. Ng'ombe yaikulu imatulutsa malovu oposa malita 100 pa tsiku, makamaka pamene ikubzikula, ndipo malovuwo amanyamula bicarbonate pamodzi ndi mucin. Mucin wa m'malovu amafewetsa udzu kuti umezeke, komanso amaphwanya thovu m'chifu chachikulu. Alimi a ng'ombe amadziwa ngozi imene imakhalapo mvula zoyamba zikagwa, ziweto zikakhuta msipu wanthete wonyowa, makamaka wa mtundu wa nyemba. Msipu wotere sufuna kutafuna kwambiri, malovu amachepa, thovu limatsekera mpweya m'kati, ndipo ng'ombe imafufuma mbali yakumanzere mpaka kulephera kupuma.

Malovu a ng'ombe ali ndi malo akeake m'mbiri ya sayansi imeneyi. Mu 1936 Gunnar Blix wa ku Uppsala m'dziko la Sweden anapatula shuga wachilendo, wokhala ndi khalidwe la asidi, kuchokera m'tiziwalo ta malovu ta pansi pa nsagwada za ng'ombe. Dzina lake lakuti sialic acid linachokera ku mawu a Chigiriki otanthauza malovu. Shuga ameneyu amakhala kunsonga kwenikweni kwa tinthambi tija, ndipo popeza nsonga zonse zili ndi mphamvu yofanana ya magetsi, zimakankhana, n'kuchititsa kuti burashi ija ikhale yotambasuka ndi yoterera. Ku mayiko monga Indonesia ndi Malaysia kuli timbalame tofanana ndi namzeze timene timamanga zisa ndi malovu ake okha, ndipo zisazo, zimene anthu a ku China amagula pamtengo wokwera kwambiri kuti aphikire msuzi, zimakhala ndi sialic acid wochuluka.

Kuti munthu aone shuga ameneyu pamalo pake m'thupi amafunika utoto, chifukwa pa maikulosikopu mamina saoneka, ali ngati madzi. Kachidutswa ka chifu kapena ka thumbo amakaumitsa m'phula n'kukaseta mopyapyala kwambiri, pafupifupi magawo asanu a milimita imodzi itagawidwa ka 1,000, kenako amakaika pagalasi n'kukanyika mu utoto. Njira imodzi, yotchedwa PAS, imene J. F. A. McManus anaifotokoza mu 1946, imasandutsa shuga wopanda asidi kukhala wofiira modera ngati duwa. Ina imagwiritsa ntchito Alcian blue, utoto umene poyamba unapangidwira nsalu ku Britain, ndipo H. F. Steedman anasonyeza mu 1950 kuti umagwira shuga wa asidi n'kumusiya wobiriwira ngati thambo. Tsiku limene ndinayang'ana koyamba galasi lokonzedwa ndi mitundu iwiriyi sindidzaliiwala. Pachifu panali mzere wofiira wosadukiza wokuta pamwamba ponse, pamene pathumbo panali timadontho tobiriwira tondondozana, kadontho kalikonse kali kachikho kamodzi kodzaza mucin. M'nyama zambiri zoyamwitsa, ukamatsika kuchokera kuchifu kupita kumatumbo aakulu, shuga wa asidi amanka nachuluka, makamaka wokhala ndi kachigawo ka sulfure kotchedwa sulfate, ndipo zimenezi zimagwirizana ndi kuchuluka kwa mabakiteriya kumunsiko, pakuti shuga wa sulfate ndi wovuta kuti mabakiteriya amudule.

Utoto umangosiyanitsa magulu akuluakulu. Chida chosiyanitsa shuga mmodzimmodzi chinachokera m'mbewu zimene ifenso timazidziwa bwino. Mu 1888, pa yunivesite ya Dorpat, mzinda umene lero umatchedwa Tartu ku Estonia, wophunzira wina dzina lake Stillmark anapeza kuti m'njere za nsatsi muli puloteni ya poizoni, ricin, imene imaundanitsa maselo ofiira a magazi. Patapita zaka zambiri zinadziwika kuti puloteniyo imachita zimenezi pogwira shuga wa pamwamba pa maselo, ndiponso kuti mbewu zina zili ndi mapuloteni a khalidwe lomweli, koma iliyonse ili ndi shuga wake amene imasankha. Mu 1954 William Boyd anawapatsa dzina lakuti lectin, kuchokera ku mawu a Chilatini otanthauza kusankha. Lectin wa mtedza amagwira galactose, wa soya amagwira GalNAc, wa tirigu amagwira GlcNAc ndi sialic acid. Ukamangirira chizindikiro chowala pa lectin n'kumuthira pagalasi lija, amakawala pokhapokha pamene pali shuga wake, ndipo mwa njira imeneyi akatswiri ajambula malo a shuga wosiyanasiyana m'tiziwalo ta malovu, m'chifu ndi m'matumbo a nkhumba, nkhuku, nsomba, ngamila ndi nyama zina zambiri.

Mlimi wa nkhumba kapena wa nkhuku amene amakazinga soya asanamugayitse kuti asakanize ndi madeya amalimbana ndi lectin yemweyu, ngakhale sanamvepo dzina lake. Soya wosakazinga ali ndi zinthu zolepheretsa chigayo cha mapuloteni, komanso ali ndi lectin amene amakakamira pa shuga wa m'khoma la matumbo n'kuwononga maselo oyamwa chakudya, moti chiweto chimadya koma osakula. Moto umapha mphamvu ya zonse ziwiri. N'chimodzimodzinso ndi nyemba zosapsa, zimene zimatsegula m'mimba ndi kusanzitsa.

Chimene lectin wa mbewu amachita, majeremusi nawonso amachita, ndipo kwa ine apa ndi pamene nkhaniyi imasiya kukhala ya mu labotale yokha. Kachilombo sikangadwalitse nyama ngati sikanapeze pogwira, ndipo pogwira pake kawirikawiri ndi shuga. Chimfine cha mbalame ndi chitsanzo chodziwika kwambiri. Mwa abakha akutchire kachilomboka kamaswana m'matumbo ndipo kamatuluka ndi zitosi kulowa m'madzi. Kamagwira sialic acid wolumikizidwa ku galactose mwa njira imene amaitcha 2,3, imene ndi yochuluka m'matumbo a abakha. M'mphuno ndi pakhosi pa munthu sialic acid yemweyo amalumikizidwa mwa njira ya 2,6, ndipo kusiyana kwakung'ono kumeneku ndi chimodzi mwa zifukwa zazikulu zimene chimfine cha mbalame sichifalikira mosavuta kuchoka kwa munthu kupita kwa mnzake. Nkhumba ili ndi njira ziwiri zonsezi m'njira yake yopumira, ndipo n'chifukwa chake akatswiri amada nkhawa ndi makola amene abakha, nkhuku ndi nkhumba zimakhalira pamodzi, monga mmene zilili m'makomo ambiri kwathu kuno.

Chitsanzo china ndi cha ana a nkhumba otsegula m'mimba. Mtundu wina wa bakiteriya wa E. coli uli ndi tiubweya totchedwa K88 timene timagwira shuga wina wa m'matumbo aang'ono, ndipo ukagwira umatulutsa poizoni wochititsa kuti kankhumba kataye madzi mpaka kufa. Mu 1975 akatswiri a ku England anasonyeza kuti nkhumba zina zimabadwa zopanda pogwira pamenepa, kuti khalidweli ndi lotengera kwa makolo, ndiponso kuti mwa nkhumba zoterezi bakiteriyayo amangodutsa osachita kanthu. Pakati pa ana obadwa tsiku limodzi m'khola limodzi, ena akhoza kufa ena osadwala n'komwe, ndipo mwini khola n'kumaganiza zina, pamene chasiyanitsa ndi kasanjidwe ka shuga m'thumbo. Ngakhale poizoni wa kolera, matenda amene anapha anthu oposa 1,700 m'Malawi mu 2022 ndi 2023, amalowa m'maselo a matumbo atagwira kaye kanthambi ka shuga kotchedwa GM1.

Mamina amathandiza pamenepa mwa njira yochenjera. Popeza ali ndi tinthambi tofanana ndi ta pamaselo, jeremusi imagwira mamina poyesa kuti yafika, ndipo maminawo amakokoloka nayo limodzi kupita kunja. Mu 2008 Malin Johansson ndi Gunnar Hansson a ku yunivesite ya Gothenburg anasonyeza kuti m'matumbo aakulu a mbewa mamina ali ndi magawo awiri. Gawo lam'kati ndi lothithikana ndipo mabakiteriya salowamo, pamene lakunja ndi lotakasuka ndipo ndimo mmene mabakiteriya abwino amakhala n'kumadya shuga wa m'maminawo. Choncho nyama imadyetsa dala mabakiteriya ake, koma imawaikira malire. Mu 2016 gulu la akatswiri a ku yunivesite ya Michigan linapatsa mbewa chakudya chopanda zokhakhala za m'mbewu ndi m'masamba, ndipo mabakiteriya atasowa chakudya chawo anatembenukira mamina n'kuwadya mpaka khoma linapyapyala, moti jeremusi yoyambitsa matenda inafika pamaselo mosavuta. Kupanga mamina kumafunanso puloteni yabwino m'chakudya. Mwa ana a nkhumba, kuposa theka la threonine amene adya, chimodzi mwa zomangira puloteni, amathera m'matumbo momwemo osafika n'komwe kuminofu, ndipo mbali yaikulu amapangira mucin. Ndimaganiza za zimenezi ndikaona tinkhumba tongosiya kuyamwa tikupatsidwa madeya okhaokha osungunula m'madzi.

Koma ndibwerere ku chigawo chachinayi cha chifu cha mbuzi ya malume, chifukwa pamene ndinkapala zoterera zija ndinaona chinthu china. Pakati pa mapindo ake panali tinyongolotsi towonda ngati ulusi wosokera, totalika masentimita awiri kapena atatu, tina tofiira, tina tokhala ndi mizere yofiira ndi yoyera yopotana. Imeneyi ndi Haemonchus contortus, nyongolotsi imene imapha mbuzi ndi nkhosa zambiri m'mayiko otentha, makamaka nyengo ya dzinja. Imaboola mamina n'kumayamwa magazi m'khoma la chifu. Imodzi imatayitsa magazi okwana pafupifupi 0.05 ya mililita pa tsiku, kutanthauza kuti nyongolotsi 1,000 zimatayitsa mamililita 50 tsiku lililonse, ndipo yaikazi imodzi imaikira mazira pakati pa 5,000 ndi 10,000 pa tsiku. Mbuzi yogwidwa kwambiri imafooka, imatupa pansi pa nsagwada, ndipo m'kati mwa zikope zake mumayera.

Thupi la nyama silingokhala chete. Nyongolotsi zikalowa, timaselo ta zikho timachuluka, mamina amachindikala ndipo kasanjidwe ka shuga wake kamasintha. Ku yunivesite ya Manchester mu 2011 anasonyeza kuti mbewa zimene sizitha kupanga mtundu wina wa mucin, wotchedwa Muc5ac, zimalephera kutulutsa nyongolotsi za m'matumbo ngakhale chitetezo chawo chonse chili bwino. Komabe Haemonchus ndi wovuta, ndipo m'mayiko ambiri, kuphatikizapo South Africa ndi Australia, wafika posamva mankhwala angapo amene alimi ankadalira.

Yankho limodzi linachokera kumalo amene ine sindikanawaganizira, m'thumbo la nyongolotsi yomweyo. Nayonso ndi nyama, ili ndi thumbo, ndipo khoma la thumbolo lili ndi mapuloteni okutidwa ndi shuga amene imagayira magazi. Ku Moredun Research Institute, pafupi ndi Edinburgh ku Scotland, David Smith ndi anzake anaganiza kuti ngati nkhosa itabayidwa mapuloteni amenewa, magazi ake akhoza kukhala ndi asilikali olimbana nawo, ndipo nyongolotsi ikayamwa magaziwo idzakhala yameza chinthu chowononga thumbo lake. Kuti awapatule pakati pa zinthu zina zonse za m'thupi la nyongolotsi anagwiritsa ntchito ma-lectin, kuphatikizapo wa mtedza uja wogwira galactose, ndipo n'chifukwa chake gulu limodzi la mapuloteniwo linatchedwa H-gal-GP. Njirayi inagwira ntchito. Kenako kwa zaka zambiri anayesa kupanga mapuloteni omwewo mu labotale pogwiritsa ntchito mabakiteriya ndi maselo ena, monga amachitira ndi akatemera ambiri, koma opangidwawo sanateteze nkhosa ngati enieni aja, ndipo chimodzi mwa zifukwa zimene akatswiri amatchula n'chakuti sanali ndi shuga wosanjidwa monga amausanjira Haemonchus. Pamapeto pake anasankha kumakolola nyongolotsi zenizeni m'zifu za nkhosa zophedwa, ku Albany m'chigawo cha Western Australia. Katemerayo, wotchedwa Barbervax, anayamba kugulitsidwa ku Australia mu 2014, ndipo ku South Africa amadziwika ndi dzina lakuti Wirevax. Ndimasirira kwambiri ntchito imeneyi, chifukwa inatheka kaamba ka anthu amene anakhala zaka zambiri akufunsa kuti ndi shuga uti amene ali pakhoma liti la thumbo, funso limene ambiri akanaliona ngati lopanda phindu.

Katemerayu anavomerezedwa kuti azibayidwa nkhosa, ndipo amafunika kubwereza kangapo m'nyengo imodzi, choncho sindinauze malume kuti akamufunefune. Ndinawaitana kuti adzaone tinyongolotsito m'beseni. Anavala magalasi awo, natola kamodzi ndi nsonga ya mpeni n'kukayang'anitsitsa padzuwa, ndipo anati mbuzi ziwiri zimene zinafa m'mwezi wa Febuluwale chaka chathachi zinali zitatupa pansi pa nsagwada. Ndinawafotokozera za njira ya FAMACHA, imene inapangidwa ku South Africa n'kutchedwa dzina la dokotala wa ziweto Faffa Malan, yoyang'ana m'kati mwa chikope cham'munsi kuti udziwe mbuzi imene ikutha magazi, n'kumwetsa mankhwala yokhayo m'malo momwetsa khola lonse. Madzulo a tsikulo, nthumbwana zili pamoto, tinapita kukhola mbuzi zikulowa ndipo tinazigwira imodziimodzi, ine ndikugwira nyanga, iwo akutsitsa chikope ndi chala. Pa mbuzi zisanu ndi ziwiri, zisanu zinali ndi zikope zofiira bwino, imodzi inali yotuwirako, ndipo ya msoti, imene inali ndi bere, inali yoyera ngati pepala. Imeneyo malume anaimangirira payokha pakhonde kuti m'mawa mwake apite nayo kwa alangizi a ziweto.